ZA UMOYO M'BANJA: Dotolo wowerenga makaundula

Aliyense wa ife amene anaperekezako mai wapakati ku sikelo akudziwa m'mene nthawi imathera pa benci lija. Mai wadzuka tambala woyamba, wasiya ana asanamwe phala, wafika pa kiliniki, ndipo dzina lake litaitanidwa anamwino sathamangira kumpima ai. Amayamba atenga colembera. Muli ndi zaka zingati? Mimba iyi ndi yacingati? Ana enawo anabadwa bwanji, ndipo analemera motani? Munapitako padera? Zonsezi azilemba pa khadi, azilembanso m'buku lalikulu la pa thebulo, kwinaku a kumbuyo kwa mzere akung'ung'udza capansipansi kuti kodi tadzera cithandizo kapena kalembera. Nafenso tinang'ung'udzako, sitingabise.

Mwezi uno, awerengi okondedwa, tifuna tikutengeni pa ulendo wa kutali, ku dziko lozizira la Sweden kumpoto kwa Ulaya, tikaone cimene buku ngati limenelo lingabale litalembedwa mosamala kwa zaka makumi asanu. Tikamba za munthu mmodzi, Dotolo Jonas Ludvigsson, ndi za funso limene iwo ndi anzao akhala akulilondola kwa zaka zoposa makumi awiri: kodi matumbo a mai akadwala, mwana amene ali m'mimba zimamkhudza motani?

A Ludvigsson ndi dotolo wa ana pa cipatala cacikulu ca mumzinda wa Örebro, ndiponso ndi pulofesa pa Karolinska Institutet ku Stockholm, sukulu ija ya zacipatala imene imasankha olandira mphotho ya Nobel pa za mankhwala. Koma dzina lao silinamveke cifukwa ca ana amene anawapima ndi manja ao. Linamveka cifukwa ca nchito ina imene pa Cingerezi amaicha epidemiology. Dotolo amene tinamzolowera amaona wodwala mmodzi, namfunsa pamene pakupweteka. Wa epidemiology amatenga anthu zikwi mazanamazana, odwala ndi osadwala omwe, nawaika m'magulu, nawerenga kuti cimene cinagwera gulu ili cinagweranso gulu lija kangati. Zinthu zina sizioneka pa munthu mmodzi. Mzamba akalandira mwana wocepa thupi lero, sangadziwe ngati cacititsa ndi malungo, njala, fodya kapena mtundu cabe wa banjalo. Pafunika ana ambirimbiri kuti cifukwa cimodzi cionekere pakati pa zinzake.

Dziko la Sweden linapatsa anthu a nchito imeneyi cuma cosowa. Kuyambira caka ca 1947 munthu aliyense wokhala m'dzikomo ali ndi nambala yakeyake, imene amayenda nayo mpaka kumanda. Mu 1964 boma linayamba kaundula wa ogonekedwa m'zipatala, ndipo pofika 1987 kaundulayo anali atakuta dziko lonse. Mu 1973 linatsegula wina wa ubereki, m'mene mumalowa pafupifupi mwana aliyense wobadwa m'dzikomo: tsiku lake lobadwa, kulemera kwake, masabata amene anakhala m'mimba, ndi m'mene mai wake anacirira. Pakuti nambala ya maiyo ndi imodzimodzi m'mabuku onsewa, nkotheka kulumikiza tsamba la ubereki lolembedwa mu 1980 ndi lina lolembedwa mu 1995 pamene mai yemweyo anagonekedwa ndi vuto la m'mimba. Anamwino amene analemba tsamba loyamba sanadziwe kuti kudzakhala laciwiri. Iwo anangolemba bwino nchito ya tsikulo, napita kwao.

Nthenda imene a Ludvigsson anaikapo mtima kwambiri imachedwa coeliac, ndipo tiyenera kuifotokoza pang'ono kuti nkhani yonse imveke. Mkati mwa matumbo aang'ono muli tinthu tosawerengeka toimirira ngati ubweya wa thaulo yatsopano, ndipo ndi timeneti timayamwa zabwino za m'cakudya kuti zilowe m'magazi. M'tirigu, m'barele ndi m'mbeu ina yochedwa rye muli gluten, cija cimacititsa kuti ufa wokanda buledi uzitamuka ngati ulimbo. Kwa anthu ambiri gluten ndi cakudya cabe. Koma kwa ena, amene anayamwira cibadwa ca nthendayi kwa makolo, asilikali a m'thupi amaona gluten ngati mdani, ndipo pomenyana naye amaononga ubweya uja mpaka thumbo likhala losalala ngati thaulo yakutha. Munthu akudya ndithu, koma cakudya cikungodutsa. Mbali ya thumbo imene imaonongeka kwambiri ndi yoyandikana ndi cifu, ndipo ndi komweko kumene thupi limatengera ayironi ndi foliki asidi, zinthu ziwiri zomwe zija amai amalandira ku sikelo m'timapilitsi toonjezera magazi. Ku Ulaya nthendayi imapezeka mwa munthu pafupifupi mmodzi pa 100 alionse, ndipo ambiri a iwo sadziwa kuti ali nayo, pakuti si onse amene amatsegula m'mimba. Ena amangokhala otopa, ocepa magazi, otupa mimba akadya, zaka ndi zaka.

Amene anagwira tirigu kuti ndiye mwini mlandu anali dotolo wina wa ana, Willem Dicke wa ku Netherlands. Iye anali atayamba kale kumkaikira tirigu, koma njala yoopsa imene inagwa kwao m'nyengo yozizira ya 1944 ndi 1945, nkhondo yaikulu ili kumapeto, inalimbikitsa maganizo ake: buledi atasowa, ana odwala nthendayi anayamba kupezako bwino, ndipo buledi atabwerera anadwalanso. Anazilemba zimenezi mu 1950. Kuyambira pamenepo mankhwala a coeliac ndi amodzi okha, kuleka gluten moyo wonse, ndipo munthu akaleka ubweya wa m'matumbo umaphukanso.

Tsono mu 2005 a Ludvigsson ndi anzao awiri anafalitsa kafukufuku amene ife tikumuona ngati mutu wa nchito yao yonse pa za amai. Analumikiza kaundula wa zipatala ndi wa ubereki, napeza ana 2,078 obadwa pakati pa 1973 ndi 2001 kwa amai a nthenda ya coeliac. Nzeru yao inagona pa kugawa anawa pawiri. Ana 1,149 anabadwa amai ao atapezeka kale ndi nthendayi, kutanthauza kuti amaiwo anali atauzidwa zoleka tirigu. Ena 929 anabadwa nthendayi isanadziwike. Amai ao anaipeza pambuyo, ena patapita zaka zambiri. Taganizani za amai a gulu laciwirili. Anayenda ku sikelo monga anzao, anadya buledi monga anzao, ndipo panalibe dotolo amene akanawaika pa mndandanda wa odwala coeliac, pakuti ngakhale iwo eni sanadziwe. Ndi kaundula yekha amene anatha kubwerera m'mbuyo ndi kunena kuti: mai uyu, pamene anali ndi pakati paja, matumbo ake anali ataonongeka kale.

Zimene anapeza ndi izi. Kwa amai amene nthenda inali yobisika, ngozi yobereka mwana wosakwana makilogalamu awiri ndi theka inali yowirikiza kawiri poyerekeza ndi amai opanda nthendayi. Kubadwa masiku asanakwane nako kunaculuka: pamene pa gulu la amai opanda nthenda pabadwa ana 10 otere, pa gulu lofanana kukula la amai a nthenda yobisika pamabadwa pafupifupi 17. Ana okula mopinimbira m'mimba ndi obadwa mwa opaleshoni analinso ambiri. Koma kwa amai aja 1,149 amene ankadziwa nthenda yao, ngozi zimenezi sizinaoneke kuti zakwera. Ana ao anafanana ndi ana a anthu ena onse. Ofufuza a ku Denmark anali ataona zofanana mu 1999 pa ana ocepa, koma ciwerengero ca ku Sweden cinapatsa nkhaniyi miyendo yoimira. Tanthauzo lake kwa mtsikana wa ku Örebro amene wangouzidwa kumene kuti ali ndi coeliac, ndipo akulira poganiza kuti sadzabereka bwino, ndi lakuti coopsa si dzina la nthenda limene wamva lero. Coopsa cinali zaka zija pamene nthendayo inalibe dzina.

Pali kankhani kena kamene kanatikondweretsa koposa, ndipo sitingakadumphe. Mu 2001, akali kumayambiriro a nchito yao, a Ludvigsson anafalitsa zotsatira zoonetsa kuti ngakhale bambo akakhala ndi coeliac, mwana amabadwa wocepa thupi. Inali nkhani yodabwitsa, ya mtundu umene umachukitsa munthu. Koma abambo odwala m'kafukufukuyo anali owerengeka cabe. Mu 2006 a Ludvigsson omwewo anabwereza funsolo pa kaundula wa dziko lonse, ndipo yankho linatuluka lina: nthenda ya bambo siika mwana pa ngozi. Anafalitsa zimenezo, dzina lao lili pamwamba. Ife amene takhalapo pa mabwalo a milandu ya m'banja tikudziwa kuti munthu wamkulu kubweza mau ake pagulu ndi nchito yolemera kuposa kusenza thumba la cimanga.

Mu 2010 gulu lao linatenga funso lopweteka kwambiri, la kusowa mphatso ya ana. Kwa nthawi yaitali kunkamveka kuti akazi a coeliac savuta kukhala osabereka. Atatsatira akazi oposa 11,000 a nthendayi, anapeza kuti pa moyo wao wonse amabereka monga akazi ena. Kubereka kunatsika pa nyengo imodzi yokha, zaka ziwiri zomaliza nthenda isanapezeke, ndiye kuti pamene thupi linali litafooka kwambiri popanda wodziwa cifukwa. Zaka ziwiri pa pepala ndi zocepa. M'nyumba ya banja latsopano, m'mene apongozi ayamba kuwerenga miyezi ndi kuyang'ana mpongozi wao m'ciuno, zaka ziwiri zingapasule ukwati. Ndipo cimene cikanaweruzidwa ngati tsoka la mkazi, pena ngati mlandu wake, kwa akazi amenewa cinali vuto la thumbo locizika ndi kusintha kwa cakudya.

Kafukufuku amene aonetsa bwino kaganizidwe ka nchito imeneyi ndi wa mu 2017. Kuti dotolo aone mkati mwa cifu kapena matumbo, amalowetsa kapaipi kofewa kokhala ndi kamera kudzera kukamwa kapena kumbuyo. Kwa zaka zambiri madotolo ankaopa kucita zimenezi kwa mai wapakati, ndipo mantha ao analibe pogwira penipeni, pakuti amai amene anali atalembedwapo m'mabuku a zacipatala anali ocepa. A Ludvigsson ndi anzao anapeza mimba 3,052 za pakati pa 1992 ndi 2011 zimene amai ake anapimidwa ndi kapaipi, naziyerekeza ndi mimba zina zoposa miliyoni imodzi ndi theka. Poyamba ziwerengero zinaoneka ngati zikuvomereza mantha aja: ana obadwa masiku asanakwane ndi ocepa thupi anali ambiri pa gulu lopimidwa, ngakhale kuti olumala cibadwire sanaculuke.

Munthu wopupuluma akanaima pomwepo ndi kulengeza kuti kapaipi ndi koipa. Koma kodi ndi mai uti amene dotolo amamlowetsa kapaipi ali ndi pakati? Ndi uja wodwala kale kwambiri, wosanza magazi kapena wotsegula m'mimba kosalekeza. Nanga tidziwa bwanji ngati mwana wavutika ndi kupimako kapena ndi nthenda imene inacititsa kuti mai apimidwe? Ambulansi imapezeka pa ngozi iliyonse ya pamseu, koma si ndiyo imagunda anthu. Apa ndi pamene nambala ija inathandizanso. Anasankha amai amene anabereka kangapo, koma anapimidwa ndi kapaipi pa mimba imodzi yokha, nayerekeza ana a mai mmodzimodzi wina ndi mnzake. Kusiyana kuja kunazimirira. Ana a mimba yopimidwa sanasiyane ndi abale ao pa kulemera kapena pa masabata a m'mimba. Motero dotolo wa lero amene waima pa bedi la mai wapakati wotaya magazi m'matumbo ali ndi ziwerengero zomlimbitsa mtima kuti apime, m'malo modikira miyezi mai akufookera.

Pambuyo pake a Ludvigsson anacita nchito ina ya khama la nyerere. Dotolo akalowetsa kapaipi amatsinako kanyama ka thumbo kuti akakaone pa makina okulitsa tinthu, ndipo zimene waona zimalembedwa. Malipoti otere anali mbwee m'madipatimenti 28 a dziko lonse la Sweden, lililonse ndi mabuku ake. Iwo anasonkhanitsa onse a pakati pa 1965 ndi 2017, a anthu oposa mamiliyoni awiri, nawapatsa dzina loti ESPRESSO, longa la khofi wowawa uja wa ku Italy. Kucokera m'nkhokwe imeneyi, mu 2022 gulu lao linaonetsa kuti kwa amai a matenda otupitsa matumbo a Crohn ndi ulcerative colitis, ngati kanyama koonedwa pa makina kasonyeza kuti thumbo likali lotupa pafupi ndi nthawi yotenga pakati, ngozi ya kubereka masiku asanakwane imakwera. Phunziro lake ndi lomwe lija la mu 2005, kuti nthenda yosazimitsidwa ndiyo imafika kwa mwana. Amai ambiri a matenda otere amafuna kuleka mankhwala ao akangodziwa kuti aima, poopa kupweteka mwana, ndipo cisankho cotero sicoyenera kucipanga pa okha popanda dotolo.

Kodi nchito ya munthu wotere timaiyeza ndi ciani? Anzao a m'mayunivesiti amawerenga kuti zolemba zake zachulidwa kangati, ndipo za a Ludvigsson zachulidwa kambirimbiri. Ife tiyang'ana kwina. Mu 2011 madotolo 16 a m'maiko 7 anagwirizana zokonza matanthauzo a mau a nthenda ya coeliac, pakuti mau amodzi ankatanthauza zosiyana m'maiko osiyana, ndipo matanthauzo a Oslo amenewo atasindikizidwa mu 2013 dzina loyamba linali la a Ludvigsson. Mu 2014 bungwe la madotolo a matumbo ku Britain linatulutsa malangizo a kapimidwe ndi kasamalidwe ka nthendayi mwa akulu, ndipo dzina loyamba linalinso lao. Malangizo otere ndiwo njira imene ciwerengero cimatsikira kucoka pa kompyuta ya ku Stockholm kufika m'kamwa mwa dotolo amene akuuza mkazi wosowa magazi kuti tiyeni tipimenso cinthu cina.

Tisakokomeze, komabe. Kaundula amadziwa zokhazo zimene zinalembedwa. Wa mu 2005 uja anaona amai okhawo amene nthenda yao inalembedwa pogonekedwa m'cipatala, ndipo amenewo kawirikawiri ndi odwala kwambiri. Sanathenso kuona m'mbale mwao kuti adziwe amene analekadi tirigu. Palinso cina cimene cimatiyabwa mumtima. Amai zikwizikwi amenewa sanafunsidwe mmodzimmodzi ngati alola. Lamulo la kwao limafuna kuti komiti yoona za khalidwe ivomereze kafukufuku aliyense, ndipo ofufuza amalandira mafaelo maina ndi manambala enieni atacotsedwa. Zonsezi zimayenda cifukwa anthu a kumeneko amakhulupirira kuti cinsinsi cao cidzasungidwa. Kumene cikhulupiriro cotero kulibe, mai amabisa kuti anapitako padera, ndipo buku limadzala ndi mabodza aulemu.

Nanga kuno kwathu zitikhudza bwanji? Coyamba ndi cakuti nsima yathu ilibe mlandu. Cimanga, mapira, mawere, mpunga, cinangwa ndi mbatata zilibe gluten. Amene ali nayo ndi buledi, mabanzi, masikono, mabisiketi ndi vitumbuwa vya ufa wa tirigu, zakudya zimene zakhazikika pa thebulo la m'tauni. Tisaganizenso kuti nthendayi ndi ya azungu okha: mu 1999 ofufuza anapeza kuti pakati pa ana a mtundu wa Saharawi, m'misasa ya othawa kwao ku Algeria, oposa 5 pa 100 alionse anali nayo, kuposa ku Ulaya konse.

Caciwiri ndi cenjezo. Kuno mai wapakati akacepa magazi, zoyamba kuziganizira ndi malungo, njoka za m'mimba ndi kusowa kwa ayironi m'cakudya. Ndiponso thumbo losalala silitanthauza coeliac nthawi zonse. Pulofesa Paul Kelly ndi anzake a pa Yunivesiti ya Zambia akhala akupima matumbo a anthu a mu komboni ya Misisi ku Lusaka kwa zaka zambiri, ndipo anapeza kuti ambiri ubweya uja ndi wofupika, osati cifukwa ca tirigu koma cifukwa ca tizilombo tolowa m'mimba mobwerezabwereza kumene madzi ndi zimbudzi sizili bwino. Munthu wotero kumletsa buledi ndi kungomuonjezera njala.

Wina adzafunsa za Ukaristia, pakuti hostia imapangidwa ndi tirigu. Eklezia anayankha kale. Kalata yocokera ku Roma mu 2003, imene inatsimikizidwanso mu 2017, inanena kuti hostia yopandiratu gluten siiloledwa, koma yokhala ndi gluten wocepa kwambiri ndi yololedwa, ndipo amene sangathe ngakhale imeneyo angalandire m'maonekedwe a vinyo okha. Amene dotolo wampeza ndi nthendayi akambe ndi ansembe a pa parishi yake.

Kwa mai amene wamwa mapilitsi oonjezera magazi mokhulupirika koma magazi sakwera, amene m'mimba mumamvuta kwa miyezi, amene akuonda popanda cifukwa, kapena amene wabereka ana ocepa thupi motsatizana, tikuti nenani zonsezi ku sikelo, ndipo pemphani kuti muonane ndi dotolo. Koma musayambe mwaleka buledi pa nokha musanapimidwe. Kupima coeliac kumayamba ndi magazi, m'mene amafunafuna zizindikiro za nkhondo ija ya thupi ndi gluten. Munthu akaleka tirigu kwa masabata angapo zizindikirozo zimayamba kuzilala, thumbo limayamba kupola, ndipo zotsatira zingatuluke zoyera pamene nthenda ilipo.

Mwezi wamawa, Mulungu akalola, tidzakamba za kuyabwa kwa zikhatho ndi mapazi usiku m'miyezi yomaliza ya pakati, cizindikiro ca vuto la ciwindi limene a Ludvigsson ndi anzao analilondolanso m'makaundula ao mu 2013. Mai amene akuyabwa motero pakali pano asadikire magazini yathu, apite ku kiliniki sabata lomwe lino.